Paipi ya ku Chipinda cha Apongozi

Mu Nkolokosa monse munalibe munthu wodera nkhawa mapaipi ngati malemu a Wilfred Khembo, ndipo munalibenso nyumba ya mpopi wodontha ngati yawo. Zinthu ziwirizi zinkakhala limodzi mwamtendere ngati mitala yogwirizana, chifukwa mapaipi amene ankawaondetsa a Khembo sanali a m'nyumba mwawo. Anali a m'kompyuta.

Mpopi wa kuseri kwa nyumba unayamba kudontha chaka chimene mwana wawo Joan anakwatiwa. Akazi awo, a Beatrice, anatchera beseni pansi pake poyembekeza kuti bambo akonza Loweruka. Maloweruka anadza napita, beseni linadyeka ndi dzimbiri, anagula lina. Akakumbutsidwa, a Wilfred ankati mpopiwo sukudontha ayi, ukugawa, ndipo ankaloza tsabola wa kambuzi amene a Beatrice ankathirira ndi madzi a m'besenimo. Tsabolayo analidi wonenepa. Mlandu unkathera pomwepo.

Kompyutayo inabwera ndi mkamwini wawo, Victor, mwamuna wa Joan. A Wilfred atapuma pa ukalaliki umene anagwira moyo wawo wonse m'sitolo ina yopikulitsa ku Limbe, anayamba kumangokhala pakhonde n'kumalonjera aliyense wodutsa, popita ndi pobwera, mpaka anthu anayamba kulambalala. Victor anawamvera chisoni. Anawapatsa laputopu yakale n'kuwasonyeza masewera ena oti azitayitsa nawo nthawi. Akanadziwa, akanangowagulira wailesi.

M'masewerawo muli tianthu ta mitu ikuluikulu tokwiririka m'kati mwa thanthwe, kopanda thambo, kopanda mtsinje. Mpweya woti tipume umachita kupangidwa ndi makina, madzi amachita kupopedwa, ndipo zonsezi zimayenda m'mapaipi amene wosewerayo amayala yekha. Ukayala molakwa, tianthuto timabanika, kapena timasowa kothawira tikafuna kudzithandiza. A Wilfred sanatchulepo chinthuchi kuti masewera. Ankati mudzi wanga. Kamunthu kalikonse anakapatsa dzina la munthu wa m'dera mwathu. Munali ka Fabiano, ka Victor, ka abusa, ka mayi wogulitsa makala pa kona, ndi ka Beatrice, kamene anakamangira chipinda chabwino koposa, cha duwa mumphika, kumapeto kwenikweni kwa mudzi kumene sikufika phokoso. Anthu anawatcha a Mapaipi, ndipo iwo ankavomera ngati ndi dzina la pa ubatizo.

Woyamba kulawa mudziwo anali a Fabiano, mnzawo wa pa ubwana, mkulu wa mpingo, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Lamulungu lina anthu akutuluka m'tchalitchi, a Wilfred anawagwira dzanja ndi manja awiri, nkhope ili yachisoni, amayi a Mvano ali pomwepo makutu atatchera.

"Achimwene, za dzulo zija musadziimbe mlandu. Aliyense akanadzikodzera."

A Fabiano anafunsa, mawu ali pansipansi, kuti wadzikodzerayo ndani.

"Inuyo. Pakati pa khitchini. Koma wolakwa ndine, chimbudzi chanu chili kumapeto kwa paipi."

Anayamba kufotokoza pomwepo, akujambula ndi chala pa chikuto cha buku la nyimbo. Madzi a m'mudzimo, anatero, sayenda ngati a mumtsinje. Amayenda m'timibulu, kam'bulu pambuyo pa kanzake, ndipo akafika pa mphambano, kena kamakhotera kumanja, kotsatira kumanzere. Ndiye ukachulukitsa mphambano, woyamba amalandira theka, wachiwiri theka la theka, wa kumapeto amangolandira moni. A Fabiano anati zimenezo azimva, koma chimene akufuna kudziwa n'chakuti bwanji iwo, mkulu wa mpingo, aikidwa kumapeto pamene mayi wa makala ali koyambirira. A Wilfred analonjeza kuti dandaulolo aliona. Analionadi. Sabata yotsatira anasuntha zimbudzi, ndipo kamene kanadzinyowetsa kanali ka abusa.

A Beatrice ankazimva zonsezi kumsika. Ankazimvanso m'minibasi, chifukwa bambo sankatha kukhala pa mpando pakamwa pali potseka. Tsiku lina akuchokera ku Limbe, minibasi yawo yodzaza inadutsa pa Chinyonga osaima, anthu ali mbwee m'mbali mwa msewu akukweza manja pachabe. A Wilfred anagunda kondakitala paphewa, maso akuwala ngati aona masomphenya. Anamuuza kuti wawathetsera vuto la mwezi wathunthu: paipi yaing'ono singalowetse kanthu mu yaikulu ngati yaikuluyo ikubwera yodzaza kale, monga wa pa Chinyonga sangakwere pokhapokha wina atatsika. N'chifukwa chake madzi akuda a ku bafa ankangoima osachoka.

"Madala," anatero kondakitala, "mukulipira kapena mukulalikira?"

A Beatrice anayang'ana pawindo ngati mayi wa ulendo wina.

Choopsa chinachitika pamene kam'bulu kamodzi ka mpweya woipa kanasokera m'paipi ya mpweya wabwino n'kutseka njira. Ka Fabiano, kamene kankakumba ngalande pansi pa mudzi, kanabanika n'kufa. A Wilfred anatuluka panja opanda nsapato, anakumana ndi mayi wa makala, anangoti a Fabiano atisiya, abanika. Mayi wa makala ndiye wailesi ya m'dera mwathu. Pamene a Fabiano enieni ankabwera kuchokera kometetsa, anapeza masamba ataikidwa pamsewu, mipando yawo ili panja, amayi a Mvano ali pa nyimbo yachiwiri. Amati anaima kumbuyo kwa anthu kanthawi ndithu, kumvetsera mmene akuwatamandira, ndipo anadzionetsa pokhapokha wina atanong'ona kuti malemu anali ouma manja.

A Wilfred anakapepesa ndi tambala. Pambuyo pake m'mudzimo munabadwa kamunthu kena, anakatcha Fabiano Wachiwiri, koma ankati si kamodzimodzi. Koyamba kaja kanali ka khama. M'mudzi mwawo, wafa wafa.

Komabe limene linawaondetsa kwenikweni ndi vuto la chipinda cha ka Beatrice.

A Wilfred ndi a Beatrice anakulira ku Chikwawa, m'mabanja osunga manyazi a pa chipongozi. Mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi mayi wa mkazi wake, sawayang'ana m'maso, sadya iwo akuona, ndipo akakhala ndi mawu amatuma munthu. A Beatrice anausunga mwambowu ngakhale m'tauni. Victor, mwana wobadwira mu Blantyre mommuno, poyamba ankayesa nthabwala, kenako anazolowera. Akafika ankakhosomola pageti, a Beatrice n'kulowa kukhitchini. Mawu ankadutsira mwa Joan, ndipo Joan atapita kunja kukagwira ntchito ya unamwino, ankadutsira mwa a Wilfred. Auzeni amayi kuti ndabweretsa shuga. Auzeni kuti tathokoza. Onse atatu ali m'kanyumba kamene mphaka akayetsemula kuchipinda amamveka pabalaza.

M'mudzi wa m'kompyuta muja, chipinda cha ka Victor chinagwera pakati pa makina a mpweya ndi chipinda cha ka Beatrice. Njira yachidule inali yodutsitsa paipi m'chipinda cha ka Victor. A Wilfred anakana kwamtuwagalu. Mpweya wodutsa kumutu kwa bedi la mkamwini sungakalowe m'mphuno mwa apongozi, kwawo zimenezo kulibe. Ngakhale chitseko cha ka Beatrice anachitchera choletsa ka Victor kulowa. Paipi anaizungulitsa pansi pa mudzi wonse, kudzera kukhitchini, kumunda wa bowa, kuzimbudzi, ndipo mphambano iliyonse inkadyako gawo lake. Pofika kwa ka Beatrice, kam'bulu ka mpweya kankabwera patalipatali ngati mlendo wa pa Khirisimasi. Ka Beatrice kankadzidzimuka, kankathamangira m'kanjira ka panja kukapuma, n'kubwerera. Tsiku ndi tsiku.

Palibe chimene a Wilfred sanayese. Anaika pampu yachiwiri, khitchini inadzaza mpweya mpaka tianthu tophika tinagwira m'makutu, koma kumapeto kuja kunali chimodzimodzi. Anaika zochepetsera pa mphambano iliyonse, bowa anafota. Anamanga timilatho toti paipi ina izidumpha inzake, ndipo kamlatho kamodzi anakayang'anitsa kolakwika, mpweya unazungulira mudzi wonse n'kubwerera kumene unachokera ngati munthu woiwala chikwama. Victor anawauza kangapo konse kuti angodutsitsa, kapena asamutse ka Victor kakagone kwina. Iwo ankati mkamwini wosalakwa sasamutsidwa, nanga akamva abale ake?

A Beatrice anatopa nazo. Tsiku lina atapeza nsomba ya bambo yazizira patebulo, mwiniwake ali chiweramire pa galasi la kompyuta, anati: "Kasiyeni kafe kameneko, mwina mungauone mpopi."

A Wilfred anatembenuka pang'onopang'ono, anavula magalasi.

"Make Joan, musatero. Kamayesetsa."

Lachitatu lina masana anati akumva kutopa. Anadina batani loimitsira mudzi, anati agoneko pang'ono, za paipi ija nzeru yabwera, aiyesa akadzuka. A Beatrice anawapititsira tiyi dzuwa litapendeka. Anawaitana, anawagwira dzanja, anaima kanthawi. Kenako anabwerera naye tiyiyo kukhitchini, anamuvundikira ndi kambale kuti asazizire, anavala nsapato n'kukaitana a Fabiano.

Masamba anaikidwanso pamsewu, koma anthu anachedwa kukhulupirira. Mayi wa makala anafika akupukuta manja, anafunsa a Fabiano ngati amwalirawo ndi a Wilfred enieni kapena ka m'kompyuta. A Fabiano anati m'mudzi muja munalibe ka Wilfred. Aliyense anamupezera chipinda, iwo anadziiwala.

A Beatrice anachita zonse zimene namfedwa amachita. Anakhala pamphasa, analandira manja, anayankha kuti zikomo. Misozi sinabwere. Thupi lonse linali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ukautsina sumva, ukaupondera sudziwa ngati wafika pansi. Anthu ankati ndi mayi olimba mtima. Joan anabwera, analira za anthu awiri, anabwerera ku ntchito. Victor ankabwerabe ndi shuga. Ankakhosomola pageti, a Beatrice n'kulowa kukhitchini, ndipo popeza panalibenso munthu woti amutume, ankaima pabalaza kanthawi akuyang'ana mpando wa malemu, n'kusiya shugayo patebulo, n'kumapita. Mapaketi a shuga anaunjikana. M'nyumbamo munatsala mawu amodzi okha, a kuseri, tho, tho, m'beseni.

M'mawa wina akupukuta fumbi, nsanza inagunda laputopu, galasi linayaka. Mudzi wonse unali chiimire monga anausiyira mwiniwake. Ka Fabiano Wachiwiri mwendo uli m'mwamba. Dontho la madzi lili lende m'malere. Ndipo kumapeto kuja, pafupi ndi duwa, ka Beatrice kanali katagwada, masaya otupa, nkhope yabuluu, chizindikiro chofiira chili pamutu pake. A Beatrice anali atamva maulaliki okwanira kuti adziwe tanthauzo lake. Mudzi ukangoyambanso kuyenda, kameneka sikakafika panja. Ukazima, sanadziwe kuti chingatsale n'chiyani. Wafa wafa.

Sanamve chisoni, sanamve mantha. Anangoonetsetsa kuti chingwe chalowa bwino m'khoma, anafunditsa laputopuyo nsalu ya patebulo, ndipo m'mawa uliwonse akataya madzi a m'beseni pa tsabola, ankavundukula n'kuyang'ana. Kanali kakugwirabe mpweya.

Kenako magetsi anathima, osati kuthima kwa masiku onse kuja. Mphekesera inati thiransifoma yapsa, magetsi abwera mawa kapena mkuja. Pofika masana, kachithunzi ka batire pa kona ya galasi kanayamba kufiira. A Beatrice anapita kwa a Fabiano. A Fabiano anati za mudziwo iwo sadziwa kanthu kupatula kuti anaferamo kamodzi, ndipo malo okha amene akuwadziwa a jenereta ndi munthu wodziwa zinthuzi ndi ku ofesi ya Victor ku Sunnyside. A Beatrice anawapempha kuti apite nawo, akawayankhulire. A Fabiano anati mwendo wawo watupa, ndipo anasisita bondo lamanja, ngakhale dera lonse limadziwa kuti lowavuta ndi lamanzere.

Anapita okha. Laputopu sanaitseke, poopa kuti ikapindika zonse zizima. Anaikulunga m'chitenje ili chotsegula, anaikhazika pamiyendo m'minibasi ngati mbale ya msuzi wodzaza, ndipo wina akawakankha ankatchinga ndi chigongono. Atatsika m'tauni anayenda pansi mpaka ku Sunnyside, pansi pa mitengo ikuluikulu ya kumeneko, manja ali patsogolo. Mlonda wa pageti anawalowetsa m'kachipinda ka alendo n'kukaitana Victor.

Victor analowa, anaona amene abwera, anagwetsa maso pansi. A Beatrice anayang'ana khoma. Anaika mtolo wawo patebulo n'kuuvundukula. Victor anamvetsa, anathamangira chingwe, ndipo kachithunzi ka batire kanasiya kufiira. Ankadziwa kuti mudzi sufa batire likatha, koma sananene. Analibenso munthu woti amutume kukanena.

M'kachipindamo munali mipando iwiri yoyandikana ndi galasi limodzi. Victor anakhala pa mpando wina, cham'mphepete. A Beatrice anaima chiimire. Jenereta inkalira kuseri. Mlonda anali atabwerera kugeti. Panapita nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi n'kumwa.

Kenako a Beatrice anawerama, analoza ndi chala ka Victor ka pa galasi, kamene kanaima m'chipinda chake katanyamula fosholo, n'kukayankhula.

"Iwe. Uwauze kuti mnzakoyu akubanika."

Victor anayang'ana ka Beatrice kogwada kaja, anapinda manja mwaulemu.

"Amayi aang'ono, muwauze kuti njira ilipo. Koma ndi ija abambo ankaikana."

Anafotokoza, akuuza kamunthuko, kuti nthawi yatsala yochepa, yozungulira singathandize. Paipi iyenera kuchoka pa makina, kudutsa m'chipinda cha ka Victor, kukabowola khoma la ka Beatrice. Ndipo paipi siimangika yokha. Mudzi uyenera kuyamba kuyenda, kamunthu kanyamule zitsulo kakamange, ndipo kamene kali pafupi koti n'kufika nthawi ilipo ndi ka Victor komweko. Ndiye kuti chitseko chija chiyenera kutsegulidwa.

A Beatrice anayang'ana paipi yaitali ya malemu, mmene inatsikira, mmene inakhotera kukhitchini, mmene inadumphira zimbudzi, miyezi yonse ija ya nsomba zozizira ili m'mizere yopindikapindika. Munthu ameneyu anazungulira mudzi wonse kuti ulemu wa mkazi wake usathimbirire, ngakhale m'kati mwa thanthwe lopeka. Koma ulemuwo unali wawo, ndipo womasula anatsala iwo okha.

"Uwauze adutsitse," anatero. "Mwini mphuno ndine."

Victor anajambula paipi yaifupi yowongoka, anachotsa choletsa pa chitseko, kenako anabweza manja. Batani loyendetsera mudzi analiloza chabe, osalikhudza. A Beatrice analidina ndi chala chimodzi ngati akuyesa kutentha kwa madzi.

Zonse zinadzidzimuka. Dontho lija linagwa. Mwendo wa ka Fabiano Wachiwiri unatera pansi. Ka Victor kanataya fosholo, kanathamangira zitsulo, kanamanga m'chipinda mwake, kanafika pa chitseko cha apongozi n'kulowa osakhosomola. Ka Beatrice kanagwera chammbali. Ka Victor kanali pakhoma, timoto tikuthetheka m'manja mwake. Kenako timibulu ta mpweya tinayamba kubwera, tondondozana, todzaza, ngati minibasi za m'mawa. Buluu uja anachoka pa nkhope pang'onopang'ono. Kamunthu kanadzuka, kanadzisasa fumbi, ndipo m'malo mothokoza kanapita kukayang'ana duwa lake.

Apa m'pamene a Beatrice anazindikira kuti akhala pansi. Sanakumbukire kuti anakhala liti. Phewa lawo linali pafupi ndi la mkamwini, pafupi moti ankamva fungo la sopo wa malaya ake. Sanadzuke. M'chifuwa munayamba kubayabaya, mmene mwendo umabayira dzanzi likamachoka, ndipo sizinali zokoma. Anatembenuka, anamuyang'ana Victor kumaso. Anadabwa kuona kuti ali ndi imvi m'mbali mwa makutu.

"Loweruka mubwere ndi sipanala," anatero.

Masiku ano Nkolokosa ndi malo a anthu olongosoka. A Fabiano amatuluka m'tchalitchi popanda wowauza zimene anachita dzulo, ndipo amachedwa pa masitepe, buku la nyimbo lili m'khwapa, ngati akudikira wina woti ajambulepo. Mayi wa makala amati nkhani za masiku ano n'zoona zokhazokha, sizikoma kunyamula. Minibasi zimadutsabe pa Chinyonga zodzaza, palibe amene amaonapo masomphenya. Pakhonde paja palibe wolonjera munthu kawiri, ndipo amene ankalambalala aja tsopano amadutsa pomwepo, akuyenda pang'onopang'ono.

Victor anabweradi Loweruka. Anakhosomola pageti mwa chizolowezi, koma a Beatrice sanalowe kukhitchini. Mpopi umene unadikira chiyambire ukwati wake anaukonza madzi a tiyi asanawire. Anangosintha kamphira kamodzi. Beseni analikhuthulira pa tsabola, analipukuta n'kuligadamitsa pakhoma.

Anakhala pakhonde, aliyense ndi kapu yake, shuga ali wambiri. Victor ankamwa atayang'ana kumbali, pakuti kumwa apongozi akuona kunali kusanamulowe. A Beatrice sanamwe. Ankamvetsera. Kuseri kunali zii. Galimoto inadutsa, galu anauwa kutali, kenako zii yemweyo, wamkulu ngati nyumba.

"Apongozi," anatero a Beatrice, "mwamanga kwambiri. Kamasuleni pang'ono."

Victor anawayang'ana, anaika kapu pansi, anatenga sipanala, anazungulira kuseri. A Beatrice anamutsatira. Iye anapotokola pang'ono chabe, n'kudikira. Pakamwa pa mpopi panatupa dontho, linalendewera ngati likuganiza. A Beatrice anatembenuza beseni n'kulikankhira pansi pake ndi phazi.

Tho.